Anandipeza Mutu Uli Pansi

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse, amayi anzanga, ndi abambo amene mwakhala kumbuyoko. Mundikhululukire kuti ndilankhula chokhala pansi. Ndikaima nthawi yaitali mwendo wamanzerewu umachita dzanzi, ndiye a tcheya athu andibwereka mpando wawo. Mawuwa ndawalemba papepala chifukwa pakamwa pokha ndimasokoneza, komanso ndimalira. Sukulu ndinalekera ku pulayimale, ndiye mukamva mawu opindika musaseke kwambiri.

Ine ndine amake Esinati. Ena mumandidziwa ndi dzina lina lija limene ana amanong'onezana ndikamadutsa pa mjigo, loti a Chozondoka. Sindikwiya nalo. Lero ndikuuzani m'mene linabwerera, chifukwa ndikudziwa kuti muno muli ena amene msana ukuwadya, ndipo ena mwayamba kale mankhwala amene ine ndinayamba.

Ndinathyola tiyi pa esiteti kuyambira ndili mtsikana mpaka Esinati atakwatiwa. Amene munagwirako mukudziwa. Dengu kumsana, wawerama tsiku lonse, mvula ikukumenya, ndipo dengulo likamadzaza limakukokera kumbuyo pamene manja akukukokera kutsogolo. Bambo a Esinati atamwalira ndinawonjezera mphamvu, poti panalibenso wina. Msana unayamba ngati kutopa wamba. Kenako unasanduka moto wochokera m'chiuno, kutsika ndi mwendo mpaka ku chala chachikulu. Tsiku lina ndikutula dengu pa sikelo ndinangogwada, osathanso kudzuka. Akapitawo sanandikalipire, anali munthu wabwino, anangoti ndikapume. Nyengo yotsatira dzina langa silinaitanidwe.

Ku chipatala anandipatsa mapiritsi, nandiuza kuti ndibwerenso adzandipime bwino. Sindinabwerere. Ku Boma n'kutali, ndipo kukhala pa kaliyala wa njinga ndi msana wotere ndi chilango chachikulu. Ndinkangogula bulufeni pa okala n'kumameza ngati mtedza, mpaka m'mimba munayamba kuotcha.

Mukuwadziwa a Filomena, amene amatcheza kachasu kuseri kwa nthochi kuja. Ndisawanamizire, sanandinyengerere. Ndinapita ndekha, nditafunda chitenje cha kapulana kumutu, n'kuwauza kuti ndikufuna wongopaka pamsana, poti ndinamva kuti amatenthetsa minofu. Tsiku loyamba ndinapakadi. Lachiwiri ndinalawa wa m'chitsekero cha botolo. Ndinagona tulo timene ndinali nditatiiwala, ndipo m'mawa ndinathokoza Mulungu, tangoganizani.

Kuchoka pamenepo zinathamanga. Chitsekero chinasanduka kapu, kapu inasanduka botolo. Nkhuku zanga zinapita kwa a Filomena imodzi ndi imodzi. Munda wa nandolo unamera tchire. Iwo ankandibweretsera botolo m'dengu atalikwirira ndi mpiru, kuti anthu aziti akundigulitsa ndiwo. Lachinayi ndinkavala bulauzi yoyera n'kubwera muno, ndikutafuna khungu la ndimu njira yonse kuti fungo lisamveke. Ndinkaima apa pomwe, kutsogolera pemphero, enanu n'kumati amake Esinati amapemphera mokhudza mtima. Ndinali nditaledzera. Esinati ankaona, koma mwana amayamba bwanji kufunsa mayi ake zoterezi?

Achimwene anga a Lusiyano amawotcherera zitsulo pa Limbuli, mafelemu a mawindo ndi makaliyala a njinga. Kasitomala wawo wina wochokera ku Joni anawaonetsa pa foni azungu atagona pa tebulo lopendekeka, mapazi atamangidwa, mutu utatsikira pansi. Anati limatambasula mafupa a msana amene apanikizana. Achimwene sanagone nazo. Anatenga felemu ya bedi lakale, chitseko, ndi zitsulo ziwiri zogwira m'mapazi atazikulunga ndi chubu cha njinga kuti zisapweteke, n'kupanga lawo. Analibweretsa pa ngolo, thukuta lili kamukamu, akuseka ngati mwana. Anati tsopano ndatukuka, ndizigona ngati mzungu.

Pansi pa chitsekocho anamangapo chingwe chokhuthala, kuti tebulo lizingopendekeka pang'ono. Anandigwira dzanja, nati: "Achemwali, chingwe ichi musachikhudze. Mutu uzitsika pang'ono basi, ngati mwagona m'mbali mwa chulu. Ndipo musamakwerepo muli nokha."

Ndinavomera zonse. Koma ndinawapempha kuti aliike kuseri kwa nyumba, m'kati mwa mpanda, pafupi ndi bafa. Ndinkachita manyazi. Sindinauze munthu aliyense woyandikana nane kuti kwabwera chinthu chotere.

Ndinene zoona, linkathandiza. Ndikagona pamenepo, moto wa m'mwendo uja unkazima. Ndikadzuka n'kusesa pang'ono, unkayakanso. Ndiye maganizo a munthu wakumwa mukuwadziwa: ngati pang'ono pakuthandiza, zambiri zithandiza kwambiri. Mmene ndinachitira ndi chitsekero cha botolo ndi mmenenso ndinachitira ndi chingwe. Lero kutalikitsa pang'ono, mawa pang'ono. Mutu unkagunda ngati mtondo, m'maso ndikuona timoto, koma ndinkati ndi mmene mankhwala achizungu amagwirira ntchito. Maso anga anafiira psuu, mbali ina kachasu, mbali ina magazi otsikira kumutu.

Nyengo imeneyo m'mudzi mwathu munali chisoni. Mwana wa a Gusito, oyandikana nane, anamwalira mwadzidzidzi, dzulo lake akusewera. Anthu ankanong'ona. Tsono taganizani, mayi wamasiye, wokhala yekha, amene wasiya kutuluka, amene amatseka mpanda masana, maso ali psuu. Ine sindinkadziwa kuti dzina langa layamba kale kuyenda m'kamwa mwa anthu.

Tsiku lake linali la msika. Esinati anali atapita ku Milonde. Dzuwa linali litakwera ndithu, nthawi imene anthu amaweruka kumunda. Ndinali nditamaliza zotsala m'botolo, msana osamva. Ndinamasula chingwe chonse, n'kuchiponya pambali. Ndinalowetsa mapazi m'zitsulo zija, kutseka, n'kugona chagada.

Chitseko sichinapendekeke monga masiku onse. Chinangotembenuka kamodzi, n'kukagunda felemu, n'kukhala pomwepo. Mapazi kumwamba, mutu utatsala pang'ono kukhudza dothi. Chitenje ndi siketi zinagwera kumaso. Ndinayesa kudzikoka ndi manja, koma mphamvu za m'mimba ndinalibe, ndipo zitsulo za achimwene zinali zolimba, poti iwo sapanga zinthu zachibwana.

Ndinakankha chitenje pang'ono kuti ndipume. Ndinaona phiri lathu likulendewera ngati likufuna kugwera m'mitambo. Nkhuku ya eni ake inkayenda kumwamba kwa ine, ikujompha. Ndinayesa pemphero la Ambuye, limene ndinaloweza ndisanadziwe n'kuwerenga komwe, koma linathera pakati. Ndinkayambanso, likuthera pomwepo. Magazi ankalira m'makutu. Poyamba ndinaitana motsitsa, kuopa kuti anthu angandimve. Tamvani uchitsiru wake, kuitana anthu koma osafuna kuti amve. Diso lamanja litayamba kuchita mdima, ndinakuwa.

Woyamba kufika anali mkazi wa a Gusito, mayi wa mwana womwalira uja. Anakankha chitseko cha mpanda, n'kuona zimene anaona. Inu nonse munakulira konkuno. Mukudziwa kuti munthu wopezeka masana ali maliseche, mutu uli pansi, timati ndani. Anabwerera chafutambuyo akulira, akutchula dzina la mwana wake, akuti mfiti yakodwa, kwaichera.

Posakhalitsa mpanda wanga unagwa mbali imodzi. Sindinkaona nkhope, ndinkangoona mapazi. Mapazi a anthu amene ndinathyola nawo tiyi, amene ndinaphika nawo pa maliro. Palibe amene anandikhudza. Wina anati asandimasule mpaka nditatchula anzanga. Wina anati maso aja ankawakayikira kale. Ndinazindikira nsapato za matayala za a Gusito, ndipo pambali pa bondo lawo panali dzanja litagwira njerwa yoduka. Ndinaopa dzanja limenelo kuposa phokoso la ena onse.

A tcheya athu awa anafika akupuma mwawefuwefu. Anandifunsa ngati ndinedi, ndi kuti chimenechi n'chiyani. Ndinati ndi tebulo la msana, achimwene anapanga. Lilime linali lolemera, mawu ankatuluka opotoka. Mwamuna wina anayankha kuti iye wayenda mpaka ku Blantyre koma sanaonepo msana wochizidwa ndi mutu pansi, ndipo ngati n'zoona, n'chifukwa chiyani ndinabisa kuseri kwa bafa? Nanga masowo? Nanga lilimelo? Yankho linalipo, koma ndinali nditalikwirira ndi khungu la ndimu nthawi yaitali.

Kenako pafupi ndi mutu wanga panatulidwa dengu la mpiru.

Anali a Filomena, atabwera ndi katundu wanga monga mwa masiku onse. Anthu a ntchito yawo ali ndi lamulo lawo, satchula amene amagula. Abambo ambiri a m'mudzi muno amayenda mutu uli m'mwamba chifukwa cha pakamwa potseka pa a Filomena. Ananjuta, nabweretsa nkhope yawo pafupi ndi yanga, ndipo anandifunsa motsitsa kuti ena asamve:

"Anzanga, ndinene kapena ndisanene?"

Amayi anzanga, mwina mukuganiza kuti ndinayankha msanga. Ayi. Njerwa ili apo, diso likuzima, ine ndinkaganizabe za bulauzi yoyera. Ndinkaganiza za a tcheya amene aima pomwepo, za pemphero la Lachinayi, za Esinati kuti adzayenda bwanji pa msika. Panali kamphindi kamene mumtima mwanga ndinati kuli bwino andigende ndili mayi wopemphera. Satana amatha kumufikitsa munthu pamenepo, kuti asankhe kufa ndi bodza lake. A Filomena sanandifulumizitse. Anangochotsa nyerere imene inkayenda pachipumi panga, n'kudikira.

Ndinati, "Nenani."

Anaimirira, nakankha mpiru uja, natulutsa botolo n'kulikweza kuti aliyense alione.

"Awa si mfiti. Ndi kasitomala wanga. Maso mukunenawo ndinafiiritsa ndine, ndipo nkhuku zawo zonse zili kwanga. Amene akukayika abwere anunkhize pakamwa."

Kenako a tcheya anagwada pa dothi ndi mawondo awo odwalawa, naika mphuno pakamwa panga. Anakhala choncho kanthawi. Atadzutsa mutu ananena mawu amodzi okha, kuti aledzera.

Wina kumbuyo anaphulika kuseka. Wina anatsatira. Mwamuna wa ku Blantyre uja anati ndiye kachasu wa a Filomena wafika pena, akuyendetsa anthu ndi mutu. A Filomena anamuyankha kuti iyeyo asalankhule zambiri, m'dengumo mumalowanso botolo lake. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Ndinamva njerwa ija ikugwa pa dothi. Moyo wanga wonse ndaopa kusekedwa, koma sindinamvepo nyimbo yokoma ngati kuseka kwa tsiku limenelo.

Amene anatembenuza chitseko anali a tcheya ndi a Filomena, wina mbali iyi wina mbali iyo, anthu oti sapatsana moni panjira. A tcheya anavula chitenje chawo chapamwamba n'kundifunditsa. Ndinasanza pamapazi pawo. Sanasunthe.

Achimwene atamva anabwera ndi njinga yamoto n'kunditengera ku chipatala ku Boma. Kumeneko anandiuza kuti magazi anga amathamanga kwambiri, bipi, ndipo mwina anayamba kalekale. Anati tebulo lotere si la munthu wa bipi kapena wa vuto la maso, ndipo ngakhale kwa ena limangopepuza kwa kanthawi, silibwezeretsa fupa. Mtsempha wa m'diso unali utaphulika. Za msana anati mafupa a m'munsi anaperepeseka, akupana mtsempha wopita kumwendo. Ndinafunsa ngati ndidzachire. Adokotala ake anali mtsikana waulemu, sanafune kundinamiza. Anati tingathe kuchepetsa ululu, koma msana wa kale sudzabwerera.

Kuno ku mpingo anandiimitsa mgonero kwa nthawi, ndi kutsogolera pemphero. Zinali zoyenera. Ndinkakhala benchi ya kumapeto, pafupi ndi khomo.

Tsono mukufuna kumva kuti ndinadzuka bwanji. Sindinadzuke ngati m'maumboni ena aja, oti munthu wapemphereredwa lero, mawa wataya botolo. Masiku oyamba manja ankanjenjemera moti kapu ya madzi inkafika pakamwa ili theka. Esinati anasiya nyumba yake masana n'kumadzakhala nane, akusenda chinangwa pakhonde. A Filomena anandiuza pamaso kuti kwa iwo ndisadzapondekonso ndi nkhani ya botolo. Koma otcheza si iwo okha. Ndinagwanso, osati kamodzi. Kusiyana kwake n'koti tsopano ndikagwa ndimanena tsiku lomwelo, kwa Esinati kapena kwa a tcheya. Ndinaona kuti chimene chinatsala pang'ono kundiphetsa si kachasu yekha, koma mpanda umene ndinamanga.

Mankhwala a bipi ndimamwa m'mawa uliwonse, ndipo tsiku lokapimitsa ku chipatala ndimapita ngakhale njinga indipweteke. Ku chipatala anandiphunzitsa kugona chagada pa mphasa n'kumakokera mawondo pachifuwa pang'onopang'ono, ndi kuyenda pang'ono tsiku lililonse m'malo mongogona. Madzi ndimatunga m'kandowa kakang'ono, kangapo. Ululu ukakula ndimaika nsalu ya madzi otentha, n'kuitana munthu kuti adzangokhala nane, chifukwa nthawi imeneyo ndi imene miyendo imafuna kulowera kuseri kwa nthochi.

Achimwene analira ngati mwana, ankafuna kuliphwanya tebulolo ndi hamala. Ndinawaletsa. Iwo analakwa chiyani? Chingwe anamanga, amene anamasula ndine. Analiwotcherera kuti lisamatembenukenso, ndipo lili pabwalo poonekera, ndimayanikapo chinangwa cha makaka. Wina wa inu akadzaona zoterezi pa foni n'kuzifuna, ayambe wakapimitsa magazi ndi maso, afunse a chipatala, asakwere ali yekha kapena atalawa kanthu. Ndipo auze oyandikana nawo chinthucho chisanalowe pakhomo. Izi a dokotala sangakuuzeni, ndikukuuzani ndine.

Sindikufuna kukunamizani kuti zinthu zili bwino. Diso ili limangoona utsi. Ku tiyi sindidzabwererako. Alipo m'mawa wina umene ndimadzuka moto uli m'mwendo, n'kumufunsa Mulungu kuti wandidzutsiranji. Sayankha, koma Esinati amabwera ndi phala, ndiye ndimati mwina yankho ndi limenelo. Mkazi wa a Gusito mpaka lero akandiona amakokera ana ake kumbali. Sindimuda. Anaika mwana m'manda, ndipo anaona chimene anaona. Alipo ena amene amati kachasu uja chinali chophimbira chabe. Ndikamva kuti m'mudzi mwadwala mwana, mtima wanga umathamanga, ndimakhala pakhonde poonekera tsiku lonse kuti aliyense aziona pamene ndili. Moyo wanga tsopano ndi umenewo.

Komabe ndikuthokoza. Ndikuthokoza a tcheya chifukwa cha chitenje chija, sindinabweze ndipo sindibweza. Ndikuthokoza achimwene, ndi mwana wanga. Ndikuthokoza a Filomena, amene sabwera muno, ndipo ena mumadutsa patali mukawaona. Amadzerabe kwathu ndi dengu, ndipo asanakhale pansi amatukula mpiru kuti ndione kuti pansi palibe kanthu. Ndimawapempherera, inunso muziwapempherera. Ndikuthokoza Mulungu amene anandilanditsa ndi dzina loti chidakwa, dzina limene ndinkaliopa kuposa imfa.

Ndisanakhale chete, pali kanthu kamodzi kamene sindinakalembe papepalapa. Pamene timapatsana moni pakhomo paja, ndamva fungo la khungu la ndimu. Diso linafa koma mphuno ikadali moyo, ndipo fungo limenelo ndimalidziwa ngakhale pakati pa anthu ambiri. Musayang'anane. Sinditchula munthu, ine ndinafunsidwa kaye ndisanatchulidwe. Tikatseka ndi pemphero ine sindinyamuka msanga, mukudziwa kuti mwendowu umafuna nthawi. Ndikhala pa mpando uno mpaka onse atatuluka. Inu mungochita ngati mwaiwala ambulera.

Ambuye atichitire chifundo tonse. Amen.